Galimoto Yokana Kulira Lamulungu

Tina sankakhazikika pabenchi ya pagalaja. Ankaimirira, n'kukhalanso, maso ali kuofesi komwe bambo ake, a Rodgers, ankakalipa. Aka kanali kachitatu kubweza galimoto yawo yatsopano kwa amene anawagulitsa.

Vuto linali lomwe lija. Lamulungu lililonse m'mawa, banja lonse litatchena kuti lipite kutchalitchi ku Area 25, timagetsi ta pachiwongolero tinkangophethira, injini osalira. Ulendo woyamba apagalajapo anasintha batire. Wachiwiri analumikiza kompyuta n'kunena kuti zonse zili bwino. Tsopano bwana wa galajayo anali atalonjeza kuti Wakisa, makaniko wa zamagetsi, amuchotsa ntchito tsiku lomwelo akapanda kupeza vuto.

Wakisa anakankhira kompyuta pambali, natsegula boneti n'kuyamba kulondola mawaya ndi zala. Atafika pakabokosi ka mafyuzi anaima. Mkati munali chinyezi ndi kadzimbiri, chonsecho mvula inali italeka kalekale. Injini nayo inalibe fumbi ngakhale pang'ono, ngati siyenda m'misewu ya Lilongwe.

"Bambo, galimotoyi mumatsukitsa kuti?" anafunsa.

A Rodgers anayankha monyadira kuti iwo sapita nayo kwa anyamata a mumsewu, amatsuka ndi mwana wawo Loweruka lililonse madzulo.

Wakisa anayang'ana Tina kamodzi.  Palibe ankadziwa kuti akamaliza kutsuka kunja, Tina ankatsala yekha, n'kutsegula boneti n'kukhuthulira ndowa ziwiri painjini, kuti nayonso iziwala bambo akamaionetsa anzawo. Akanatha kungokhala chete. Koma anaona bwana uja ataima pakhomo, kalata yochotsa Wakisa ili kale m'manja.

"Ababa, ndine," anatero Tina. "Ndimathira madzi mkatimo."

 A Rodgers anavula chipewa n'kupepesa kwa Wakisa. Wakisa anavomera kuti nayenso anafulumira kukhulupirira kompyuta m'malo mofunsa mwiniwake. Kenako a Rodgers anatembenukira kwa bwana uja.

"Nanga maulendo awiri onse aja, analipo anatsegulako kabokosika?"

Bwanayo anapinda kalata ija n'kuilowetsa m'thumba.

Wakisa anaumitsa kabokosiko, nasintha mafyuzi awiri, injini n'kulira. Potuluka anamupatsa Tina kansalu kouma.

"Painjini, aka kokha, chemwali."

Tina anakagwira m'manja mpaka kunyumba.