Buku limene Lukiya analisiya pakati

Izi zinachitikadi. Madamu Ethel, mphunzitsi amene anaziona ndi maso, akadali ku Ntaja, ngakhale sakonda kuzikamba.

Swaibu ankayang'anira laibulale ya pasekondale ina kumeneko. Sukuluyo inali ndi timatabuleti towerengera mabuku, ndipo Lachinayi lililonse ana akaweruka, iye ankatilumikiza ku kompyuta ndi kachingwe kuti mayina a mabuku, olemba ake ndi tsamba limene wowerenga walekezera zifanane uku ndi uku. Ntchito yogonetsa tulo, koma mwini wake ankaigwira ngati akuwerengera mankhwala a wodwala.

Mkazi wake Lukiya atadwala kwakayakaya, Swaibu anamubwerekera katabuleti kamodzi. Mayiyo ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere pagalasi. Anatisiya buku lili pakati.

Maliro atatha, Swaibu anakatsekera katabuletiko m'dirowa. Lachinayi anakalumikiza pamodzi ndi tinzake, ndipo kompyuta inasonyeza kuti tsamba lasuntha. Anati ndi makina, nawonso amapenga. Sabata yotsatira linasunthanso, kiyi ali m'thumba mwake. Apo ndiye anaitana Madamu Ethel.

"Kapena ana akukaseweretsa," anatero madamuwo.

"Iyayi madamu, kiyi ndi mmodzi. Taonani kawerengedwe kake. Pang'onopang'ono. Ndi iyeyo."

Mantha analibe. Chimene chinkamudya mtima n'chakuti masamba ankatha. Lukiya akamaliza bukulo, adzabwereranji? Chikondi chimapusitsa ndithu: bambo uja anabweza tsamba mmbuyo pakompyuta, n'kutumiza bodza lakelo ku katabuleti.

Sanachoke. Anakhala ndi madamu mpaka kamdima. Adhana yoitanira anthu ku mapemphero kumzikiti itatha, mileme ya kudenga inangoti zii. Kenaka kunabwera fungo la mafuta a kokonati amene Lukiya ankadzola. Galasi linayaka lokha. Tsamba linatembenuka. Linanso. Linanso. Mpaka pamene Lukiya analekezera. Pagalasipo panatsala chidindo cha chala, chonyezimira mafuta.

"A Swaibu," ananong'ona madamu, "musiyeni amalize."

Swaibu anagwira kumaso n'kulira ngati mwana. Chisoni chake chinali chowawa kuposa cha pa tsiku la maliro, pakuti tsopano ankatsanzika akudziwa. Sanabwezenso tsamba.

Sadaka ya arubaini, yokumbukira womwalira pakatha masiku makumi anayi, itachitika, Swaibu anakalumikizanso. Kompyuta inalemba kuti bukulo lawerengedwa lonse. Ananunkhiza m'dirowa, munangomveka fumbi ndi mapepala akale.

Tsiku lomwelo anaika m'katabuletimo buku lina la mlembi yemweyo, lalitali kuposa loyamba, n'kukatsekera pamalo pake. Mpaka lero Lachinayi lililonse amakalumikiza, maso ali tong'o pakompyuta. Buku latsopanolo silinatsegulidwepo.