Chifuwa cha Kuseri kwa Khoma

Choyamba kudabwitsa anthu chinali ndowa. Mliri utangolengezedwa pa wailesi, anthu a lendi pa mdadada uja anaika ndowa ya mpopi pageti, sopo pambali pake, kuti wolowa aliyense azisamba m'manja. Ankaidzaza madzulo alionse. Koma Lachiwiri lina m'mawa anaipeza ilibe ndi dontho lomwe, sopo palibe, geti lili chikhomere monga analisiyira usiku.

"Wakuba wanji wotenga sopo n'kusiya ndowa yatsopano?" anatero telala wa m'chipinda choyamba, amene masiku amenewo ankangosoka mamasiki poti maukwati anali ataima. "Ameneyu si wakuba, ndi munthu waukhondo."

Anthu anaseka, n'kuikapo sopo wina. Lachitatu m'mawa nayenso anali atapita.

M'chipinda chomaliza, chogundizana ndi sitolo ya katundu wa eni nyumba, munkakhala mayi amene onse ankangowatchula kuti Achipatala. Sanali dokotala kapena namwino. Ntchito yawo inali kuchapa zofunda za odwala, ndipo anali ataigwira zaka khumi ndi zisanu. Sabata imeneyo anali pakhomo. Wodwala wina anali atapezeka ndi kachilombo ka mliriwo, choncho ochapa onse anawalowetsa kathonje m'mphuno n'kuwauza kuti akadikire kunyumba mpaka foni ilire. Zotsatira zinkachedwa chifukwa makina oyezera anali kutali. Mwana wawo anamutumiza kwa mng'ono wawo, iwo n'kutsala okha, foni ili pa pilo.

Mantha a masiku amenewo sanali opanda pake, kungoti anthu ankakokomeza. Kunkamveka zoti kathonje kaja ndi kamene kamaika matenda m'thupi, zoti wolowa m'matenti a kuchipatala satulukamo ndi miyendo yake, zoti womwalira amamukulunga m'pulasitiki n'kumuika m'manda abale ali chapatali ngati oonerera mpira. Mwa zonsezi, chomalizachi chokha ndicho chinali ndi choona mkati mwake.

Usiku wa Lachitatu magetsi anazima. Mabala a mowa anali otseka, magalimoto sankayenda usiku, ndipo kunali zii wa mtundu umene anthu a m'tauni anali asanaumvepo, moti malata ankamveka kuthetheka pozizira. Pakati pa usiku kunabwera chifuwa. Sichinali cha chimfine. Chinali chouma, chochokera pansi penipeni, ngati munthu akucheka thabwa ndi sowo yobuntha. Chinkabwera katatu, n'kuleka, kenako kupuma kwakutali kokhala ngati mluzu. Achipatala anadzuka n'kukhala tsonga. Chifuwacho chinkatuluka m'khoma, kumutu kwa bedi lawo. Kuseri kwa khomalo kunali sitolo, ndipo sitoloyo inali ndi loko wamkulu ngati chibakera, wokhomedwa kunja.

Anagogoda khomalo kawiri. Chifuwa chinaleka. Anaika khutu pa njerwa zozizira, ndipo zinawamvekera ngati china chake kuseriko nachonso chaika khutu.

M'mawa mkazi wa telala anafotokoza monong'ona kuti popita kuchimbudzi anaona chinthu choyera chitaima pakati pa bwalo, chachitali kuposa munthu, chopanda mutu. Pofika masana chinthucho chinali chitamera manja m'kamwa mwa anthu. Pofika madzulo ena ankati chinamuitana. Mwiniwake sananenepo zimenezo. Chimene aliyense anaona ndi maso ake chinali mzere wa madontho pa fumbi, pansi pa chingwe choyanikapo zovala, ndi madzi a thovu atadikha m'ngalande ya pakhomo pa Achipatala.

Alandilodi, mayi wa mawu akuthwa amene ankati amuna awo anatsekeredwa kwa achimwene awo mabasi atasiya kuyenda, anaitanitsa anthu onse pabwalo. Anaima motalikirana, maso okha akuoneka pamwamba pa mamasiki a telala.

"Tisabisane," anatero alandilodi. "Chifuwa chikuchokera kumapeto uko. Thovu lili pakhomo pawo. Akutibweretsera zofunda za akufa n'kumachapira pano usiku, ndiye eni ake akuzilondola. Achipatala, pofika Loweruka ndikufuna kiyi wanga."

Achipatala anaima pakhomo pawo, manja m'chiuno.

"Mayi, chiyambire msonkhano uno mwandimva ndikutsokomola?"

"Matendawa ndi ochenjera," anatero mkazi wa telala. "Amadikira usiku."

"Ndiye ndipite kuti? Ndani angalandire munthu wodikira zotsatira? Ngati ndili nako kachilomboko, mukufuna ndikagawire tauni yonse?" Anayenda mpaka pachingwe, anthu akupatuka ngati kukubwera njoka. "Atelala, tabwerani. Inu nsalu mumaidziwa. Madontho awa atalika bwanji?"

Telala anayeza ndi maso ali patali. "Mamita awiri. Shiti ya bedi lalikulu imeneyo."

"Langa ndi la munthu mmodzi. Chachiwiri, ine shiti ndimaipinda pawiri, ndimaipota mpaka ilire, ndikayanika sidontha. Amene wachapa apa ndi munthu wozolowera kuchapiridwa. Kundinamizira mizimu ndingapirire, koma osati kundinamizira kuti sindidziwa kufinya."

Telala anaseka mpaka masiki inatsika. Alandilodi sanaseke.

"Loweruka," anatero.

"Sindisamuka," anayankha Achipatala, n'kulowa m'nyumba.

Madzulo onse anakhala akusinkhasinkha. Mzimu sufuna sopo. Kuchipatala anaphunzira kuti munthu wotentha thupi amanyowetsa zofunda ndi thukuta usiku uliwonse, ndipo womusamalira amachapa tsiku ndi tsiku. Anakumbukiranso kuti mpopi wa pabwalo ukatsegulidwa umalira ngati mbuzi, pamene kampopi ka pa ndowa kamachucha mwakachetechete. Wina ankachapa mobisa, n'kuanula kusanache.

Usiku umenewo sanagone. Anazimitsa kandulo n'kukhala pa mpando kuseri kwa chitseko, atavala mamasiki awiri, tochi ili pamiyendo. Mdima unali wa ndiweyani. Galu wina analira kutali n'kusiya. Patapita nthawi yaitali anamva kachitsulo kakuti kwete, chitseko cha sitolo chikukhula pansi, ndi mapazi opanda nsapato akudutsa pakhomo pawo pang'onopang'ono, ngati a munthu wowerenga mapondedwe ake. Kugeti madzi anayamba kuchuchira m'beseni. Kenako kufikisa, kofewa, kolekeza-lekeza. Atasuzumira pa mng'alu wa chitseko anaona chinthu choyera chikukwera m'mwamba mumdimamo, n'kutambasuka, n'kuima. Ankadziwa kale chimene chinali.

Anatsegula chitseko n'kuyatsa tochi.

Kuseri kwa shiti yodontha kunali alandilodi, chitenje chili chonyowa, mapegi awiri ali kukamwa.

"Zimitsani," ananong'ona atalavula mapegiwo. "Chonde zimitsani, mudzutsa anthu."

"Musitolomo muli ndani?"

"Mulibe munthu. Ndi makoswe."

Chifuwa chinayankha chokha, katatu, kenako mluzu uja.

"Makoswe anuwo asuta fodya zaka zingati, mayi?"

Alandilodi anakhala pansi pa fumbi lonyowa. Achipatala anawadutsa n'kukankha chitseko cha sitolo. Pakati pa matumba a simenti ndi njinga zakutha panali matiresi, ndipo pa matiresipo panagona bambo eni nyumba, milomo itatuwa, chifuwa chikukwera ndi kutsika ngati mvukuto. Pambali panali makoko a mandimu ndi timapepala ta mapiritsi. Sanatsekeredwe kulikonse. Anali atabwera usiku pa lole masiku asanu ndi anayi apitawo, thupi likutentha kale.

"Akawatenga sindidzawaonanso," anatero alandilodi ali pakhomo. "Adzawakulunga m'pulasitiki ngati zinyalala. Zaka makumi atatu ndili nawo, ndiye ndikaime kutali ngati mlendo?"

"Ndiye munati chifuwachi chikhale changa."

"Ndinati mukachoka sipakhalanso womva kukhomako. Inu zimenezi munazizolowera."

"Palibe amene amazolowera kugona mumsewu." Achipatala anawalitsa tochi pa nkhope ya wodwalayo n'kuwerenga mapumidwe ake monga ankaonera anamwino akuchita. "Tamverani, mayi. Zofunda za m'matentimo ndachapa ndi manja angawa. Ena amamwaliradi, sindikunamizani. Koma ndachapanso za anthu amene anatuluka akuyenda okha, akudandaula za chakudya. Kumeneko kuli mpweya wa m'mabotolo. Muno muli simenti. Mukuopa pulasitiki, chonsecho mwayamba kale kuwakulunga, kungoti ndi mashiti."

Bambo aja anatukula chala. Mawu awo anatuluka limodzi-limodzi.

"Amayi a ana... asiyeni aimbe foni. Ndatopa ndi mdima."

Achipatala atatulutsa foni, alandilodi anawagwira pamkono.

"Mukaimba, Loweruka lomwelo."

"Loweruka tidzaonana. Lero ndi Lachisanu," anatero Achipatala, n'kuimba.

Ambulansi inafika kukucha. Munatuluka anthu awiri ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, opanda nkhope, ndipo a lendi ankasuzumira pa mawindo. Zinthu zoyera zinali zitabweradi pabwalo lawo, koma zinabwera ndi machira. Masana kunafika oyeza. Anthu ankakankhana kuti wina ayambe, mpaka telala anakhala pa mpando.

"M'mphuno muno mwalowa ulusi wa zaka makumi awiri," anatero. "Kathonje ndiye kachite chiyani?" Misozi inatuluka, anayetsemula, anthu n'kubalalika, koma anakhalabe moyo, ndipo ena anatsatira. Zitseko zingapo sizinatseguke. Eni ake akuti anali atachokapo.

Loweruka foni ya Achipatala inalira. Analibe kachilombo, koma poti analowa musitolo muja anawauza kuti adikirenso. Za kiyi palibe anazitchula. Iwo anatenga mashiti onse a musitolo, anawanyika m'mankhwala monga amachitira kuntchito, anawachapa dzuwa lili pamutu aliyense akuona, n'kuwapota mpaka kulira. Pansi pa chingwe panakhala pouma. Alandilodi, amene tsopano ankadzitsekera m'nyumba podikira zotsatira zawo, anayang'ana pa windo nthawi yaitali. Madzulo anatumiza uthenga wa pafoni wa mawu ochepa: bambo ali pa mpweya, apempha wailesi yawo.

Usiku umenewo sitolo inali yotsegula, mopanda kanthu, monunkha mankhwala. Achipatala anagona tulo koyamba m'sabata yonse. Koma pakati pa usiku anadzidzimuka. Katatu, kouma, kenako mluzu. Anaika khutu kukhoma. Kunali zii. Chifuwacho chinabweranso, ndipo ulendo uno chinkachokera kwina, pakati pa mdadada, chotsekerezedwa ngati munthu waphimba kukamwa ndi pilo.

Atatuluka anapeza mkazi wa telala ali pakhomo pake.

"Mwamva? Bambo aja atisiya. Abwerera kudzatenga chifuwa chawo."

"Bambo aja akumvera wailesi," anatero Achipatala. "Zitseko pano zilipo khumi ndi ziwiri. Zimene zinatsegukira oyeza aja Lachisanu ndi zisanu ndi zinayi."

Anabwerera m'nyumba, anavala mamasiki awo awiri, anatenga tochi. Anayenda mumdima mpaka pa chitseko choyamba mwa zitatu zija, n'kugogoda mwamphamvu kuti mdadada wonse umve.

"Odi muno! Ndine Achipatala. Tsegulani, ndikhala pompano mpaka kuche."