Dzina la Cornelius M'kaundula wa Mavoti

Ludwina anakumana ndi Cornelius padoko la Buka, onse akudikira boti lowolokera ku Kokopau. Mtsikanayo anali mphunzitsi, ndipo chaka chimenecho anamulemba ganyu yoyendetsa chisankho. Cornelius, wogula koko, mbewu yopangira chokoleti, kwa alimi, anamulandira katoni yomwe anasenza. Boti lisanafike tsidya lina anali atatenga kale nambala ya foni. Anthu ogula koko amadziwa kunyengerera, ndipo uyu anali katswiri.

M'mawa uliwonse uthenga unkalowa.

"Wadzuka bwanji, duwa langa? Chisankho chikangotha ndikubwera ndi amalume kwanu. Ukawauze amayi akonzeke."

Ludwina anawauzadi. Ankamukonda ndi mtima wonse, ndipo sankabisa. Cornelius ankati amakhala ku Arawa kwa mchimwene wake, ndipo akavotera komweko. Nanga munthu angakayikire chiyani pamenepo?

Kutatsala masiku awiri kuti kuvota kuyambe, kalaliki wina wa chisankho anagwidwa malungo. Akuluakulu a chisankho anamuchotsa Ludwina pagulu la ku Buka n'kumuika m'malo mwa wodwalayo, pagulu lokwera kumapiri a Kieta, loyenda wapansi mudzi ndi mudzi, mabokosi ali pamutu. Ludwina anamulembera Cornelius, koma kumeneko kulibe netiweki, uthengawo unangokhala m'foni.

Pa tsiku lachitatu la kuvota anayala tebulo pakhonde la tchalitchi m'mudzi wina waung'ono. Ntchito yake inali kupeza dzina m'kaundula, kulidula mzere, kenako kupaka munthuyo inki pachala.

Panafika mayi wina wansangala, mwana ali kumsana, milomo yofiira ndi buai, mtedza wa kumeneko umene ankatafuna.

"Perpetua Tavore, achemwali. Bambo a mwanayu ali pambuyopa. Lero agwidwa manyazi ngati mkamwini wadzulo, chonsecho zaka zinayi akudya zakumunda kwa amayi anga."

Apamzere anaseka. Ludwina nayenso anaseka, chala chikutsika papepala. Pansi pa dzina la Perpetua panali lina: Cornelius Tavore.

Kumapiri kuno nthaka ndi ya akazi. Mwamuna akakwatira amasamukira kwa mkazi wake, ndipo dzina lake amalembetsa komweko. Ludwina anaweramuka. Cornelius anali ataima pamenepo, atavala malaya abuluu omwe Ludwina anamugulira, maso ali pansi.

Mtima unamupweteka kwambiri Ludwina moti zilembo zinayamba kusokonekera. Anaganiza za amayi ake, amene anali atauza kale abale onse. Anaganizanso zokuwa, mudzi wonse umve. Koma Perpetua anali chapafupi, akusisita mwana uku akumwetulira. Iyeyo analakwa chiyani?

"Ludwina," Cornelius ananong'ona, "ndikufotokozera bwinobwino, wokondedwa."

"Dzina lanu, bambo?"

"Usatero, chonde."

"Pali anthu pamzerepo. Dzina lanu ndani?"

Analitchula motsitsa mawu. Ludwina anadula mzere wowongoka bwino, monga anamuphunzitsira. Kenako anagwira dzanja lija, lomwe ankalidziwa kuposa dzanja lina lililonse, nalipaka inki.

"Akulemekezanitu, bambo ake!" anatero Perpetua. "Ine sanandigwire nthawi yaitali chonchi."

Ludwina analisiya dzanjalo.

"Atengeni, mayi, ndi anu. Ine ndathana nawo."

Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, naitana wotsatira.