Mphindi Makumi Asanu

Lachiwiri pa 14 Malichi, ndege ya makalata inanyamuka pa bwalo lakumwera nthawi ya 9:10 m'mawa. Kuchoka pamenepo kukafika ku bwalo lakumpoto ndi makilomita 180, ulendo wa mphindi makumi asanu. Sinafike. Woyendetsa anali mwana wamkazi wa makaniko wa pa bwalo lakumweralo.

Ndege zofufuza zinazungulira m'mitambo masiku awiri n'kubwerako chimanjamanja. Lachisanu makanikoyo ananyamuka wapansi motsata gombe, pamodzi ndi mlamu wake wogwira ntchito pa wailesi ya pabwalopo.

Kamba wa paulendo anawerengera ndi mlamuyo. Anagoneka rula pa mapu: makilomita makumi atatu patsiku, masiku asanu ndi limodzi. Onsewa anakalambira pa bwalo la ndege, ndipo kwa iwo mtunda unali mzere woongoka.

Tsiku lachiwiri mtsinje unawatsekera njira. Msodzi amene ankasoka ukonde pamenepo anasuzumira mapuwo n'kuseka.

"Achimwene, mzere uwu inajambula ndi mbalame? Mitsinje ngati uwu ilipo isanu ndi iwiri. Uliwonse mukwera nawo mpaka pomwe ng'ona zikuloleni kuwoloka."

"Ndiye masiku angati?" anafunsa mlamu.

"Miyendo yabwino, khumi ndi awiri. Ya madala awa, onjezerani."

Msodziyo anavomera kuwatsogolera. Kamba anawathera tsiku lachisanu ndi chiwiri, iwo n'kuyamba kudya nkhanu zowotcha. Matope ankafika m'ntchafu. Nyanja ikadzaza ankakwera m'mitengo, udzudzu ukuwadya. Pa mtsinje wachinayi ng'ona inatsomphola chikwama cha mlamu, wailesi ili momwemo.

"Isiyeni imvereko nkhani," anatero msodzi.

Makaniko sanaseke. Iye ankawerenga ulendowo mwa njira yake: tsiku lathunthu la matope linali mphindi zitatu za mwana wake. Pa mphindi ya makumi awiri mtsikanayo ankakonda kuitana pa wailesi kuti, "Auzeni bambo injini yawo ikuimba." Atafika pamalo amene ankaganiza kuti ndi pomwepo, anaima n'kuyang'ana kumwamba.

"Alamu, mwaona chiyani?"

"Palibe. Tiyeni."

Tsiku la khumi ndi limodzi anaipeza ndegeyo pa mchenga, ili chiimire pa matayala ake, mapiko atamangidwa ku zitsa. Matumba a makalata anali momwemo. Pampando panali buku la ulendo, ndipo makaniko anawerenga mokweza: "9:47. Injini yazima, ndatera bwino. Ndikupita wapansi ku bwalo lakumpoto. Makilomita 47, masiku awiri."

"Kwatsala mitsinje ingati?" anafunsa.

"Itatu," anayankha msodzi, osamuyang'ana. "Ikuluikulu."

Pa mtsinje woyamba sanapeze kanthu. Pa wachiwiri anakumana ndi mayi wophika mchere. Iye anati bwato lake linasowa pa 16 Malichi, ndipo pa chikhomo chimene ankalimangirirapo anapezapo wotchi yapamkono. Makaniko anaitembenuza. Kumbuyo kwake kunali zilembo zimene anazokota yekha ndi msomali poipereka kwa mwana wake.

Anafika ku bwalo lakumpoto pa 31 Malichi. Kumeneko mtsikanayo sanamuone. Mawa lake makaniko ndi mlamu wake anakwera ndege yobwerera kwawo, ndipo makaniko sanachotse mphumi pa zenera. Pakamwa pa mtsinje wachiwiriwo, madzi ake ofiira ankalowa kutali m'nyanja, kupitirira pomwe maso ankafika.

Bwatolo silinapezekebe.