Mlendo Amene Sanadye Mtima

Maidei anamuona koyamba kuthanthwe kumene amuna a ku Dzimbabwe ankaswa miyala yomangira linga la mfumu. Ankasonkha moto mpaka thanthwe lipse, atsikana n'kuthirapo madzi ozizira, mwala n'kung'aluka. M'nthunzi yoyera ija munatuluka mnyamata wamtali, mlendo wochokera kum'mwera.

"Wandithira madzi kumapazi, mwala wausiya," anatero akumwetulira. "Kapena waona kuti amene akupsa ndine?"

"Ukapsere uko. Ndiwe wa mfunda wanji, wolongolola iwe?"

"Yamba ndiwe, nthanda yanga."

"Ife ndife a Mtima."

Mnyamatayo anayang'ana nthunzi ija kwa kanthawi. "Ine ndine Tavengwa, wa Mkango."

Maidei anamva kupepuka m'chifuwa. Anthu a mfunda umodzi ndi pachibale, sakwatirana, ngakhale atabadwira kutsidya kwa mitsinje khumi. Koma Mtima ndi Mkango? Njira inali yoyera.

Kuyambira tsikulo mtsuko wake sunkalemeranso. Dzuwa likapendeka ankakhala awiriwiri pansi pa mkuyu, ng'ombe zikutsika m'mapiri ngati mtambo wofiira.

"Lingali ndi la mfumu," ankatero Tavengwa, "koma mwala uliwonse ndimauika ndikutchula dzina lako. Khoma lidzagwa, ine ndisanakusiye."

"Pakamwa pako m'pa uchi. Njuchi zidzakuluma."

"Zindilume, bola udzandizule mbola ndiwe."

M'mawa uliwonse Maidei ankaomba m'manja moyang'ana kuphiri, kupemphera kwa Mwari, Mulungu wawo. "Mwari, Inu amene mumagwetsa mvula pa munda wa mfumu ndi wa mkazi wamasiye mofanana, mwandikumbukira ine kanthu kachabe. Ndikubwezereni chiyani?"

Mapira atacha, nkhani inafika kwa akulu. Khasu la malowolo linalandiridwa, bambo ake a Maidei anapha ng'ombe, ndipo azakhali ake, a Ndaizivei, anaitanira mkamwini m'nyumba mwawo. Azakhaliwo analowa ndi mbale yamtengo akuseka.

"Mwana wa Mkango, ife a Mtima, mtima wa nyama sitidya, mano angatithothoke. Zaka zonsezi takhala tikupatsa anansi. Lero tapeza mkamwini wotidyera. Nawu, wonona bwino."

Tavengwa anayang'ana mbale ija.

"Ndakhuta, azakhali."

"Wakhuta chiyani? Mphepo? Mkango unayamba wachitapo manyazi ndi nyama?"

Maidei, amene anagwada pafupi ndi khomo, anayang'anitsitsa Tavengwa. Bwanji sakutambasula dzanja? Bwanji sakumuyang'ana?

"Idya, wokondedwa wanga," ananong'ona. "Kachidutswa kokha. Ukadya sindidzakufunsanso kanthu mpaka imfa."

Tavengwa anatola kanyama. Kanafika pafupi ndi milomo. Kenako anakabweza m'mbale pang'onopang'ono.

"Anthu ndingawanamize," anatero ndi mawu osweka. "Koma makolo anga sindingawatafune. Nanenso ndine wa Mtima, Maidei. Nditakuona tsiku lija ndinaopa kukutaya ndisanakupeze. Ndinkati kwathu n'kutali, palibe adzadziwe."

"Mayo ine!" A Ndaizivei anagwira pakamwa. "Ukanatilowetsera chilala m'mudzi, mwana iwe."

"Tithawe, nthanda yanga. Kunyanja kumene kumachokera mikanda, ndani amafunsa za mfunda?"

Maidei anamuyang'ana. Nkhope inali yomwe ija, maso omwe aja. Ha, chikondi! Chimamera ngakhale pamunda woletsedwa, ndipo pochizula chimatuluka ndi dothi lonse.

"Mwari adzafunsa," anatero. "Ndipo ana athu ndi amene adzayankhe."

Misozi ikugwera pamikanda ya m'khosi mwake, anakhwekhwereza maondo kufika pamaso pa Tavengwa, nachotsa mbale ija. Anaomba m'manja mwaulemu, mutu uli pansi, monga mwana wamkazi alandirira mbale wake wobwera ku ulendo.

"Azakhali," anatero, "apatseni nyama ina achimwenewa. Achokera kutali."