Mipando Isanu

M'nyumba ya mkulu wa mpingo munali lamulo. Loweruka lililonse masana banja lonse linkakhala patebulo, iye n'kuwerenga fanizo lomwe akalalikire mawa lake, kenako n'kufunsa mmodzimmodzi kuti, "Iwe ndiwe ndani m'fanizoli?" Ankati dziko lidzasintha tsiku lomwe anthu adzayankhe funsoli moona.

Tsikulo mtengwa wa m'nyumbamo adakhala pampando mtima ukuwira. Mwana wake wamkazi wa zaka khumi, yemwe adabwera naye m'banjali, adasowa kuyambira m'mawa. Dzulo lake mkuluyo adamuzazira atamupeza atakhala patebulo: "Mipando iyi ndi ya magazi athu!" Zaka zinayi zonse zomwe adakhala m'nyumbamo mwanayo ankadyera pakhomo la khitchini, mbale ili pamiyendo. Mayi ake adamufuna kwa anansi, kumpopi, kubwalo la sukulu, osamupeza. Adabwerera kudzatenga mwamuna wake kuti akathandizane, koma apongozi adati, "Mawu a Mulungu kaye. Njala ikamupweteka abwera yekha."

Mwamunayo, yemwe anzake ankamutcha Ndamva poti china kwa bambo ake sankayankha, adangoti, "Ndamva, bambo."

Mkuluyo adayendetsa maso: mkazi wake, mwana wake, mtengwa, kamdzukulu. "Tonse tilipo. Tiyambe."

Ndiye taonani zamanyazi, fanizo lake linali la nkhosa yosochera! Adaliwerenga mawu akunjenjemera ngati ali kale kuguwa, n'kufotokoza momwe mbusa adasiyira gulu lonse chifukwa cha imodzi. Atatseka buku adaloza mtengwa. "Apongozi, inu ndinu ndani m'fanizoli?"

Mayiyo adadzuka, mpando n'kugwa chagada.

"Bambo, mbusa ameneyo ankadziwa kuwerenga! Adawerenga n'kuona kuti imodzi palibe. Inu mwawerenga pompano n'kunena kuti tonse tilipo!"

"Mukulankhula ndi ine choncho m'nyumba mwanga?"

"Mwandifunsa, ndikuyankha moona. Nkhosa ija idasochera yokha. Yanga mwaithamangitsa ndi pakamwa panu! Mawa mukalize azimayi kutchalitchi, muziti mukusintha dziko. Dziko liti? Mwalephera kuwonjezera mpando umodzi patebulo!" Misozi idali chuchuchu, koma sadaipukute. Adatembenukira mwamuna wake. "Nanga inu, bambo a mwana, ndinu ndani? Mbusa, kapena nkhosa yongotsatira?"

Adatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala idagwa pakhoma.

"Khala pansi iwe," adatero mkuluyo ataona mwana wake akudzuka.

"Sindinamve, bambo," adayankha Ndamva, n'kunyamula kamwana kake, ulendo. Mayi ake a Ndamva nawo adavula epuloni, n'kutsatira osatsanzika.

Mtsikanayo adakamupeza pasiteji ya basi, atakhala pamwala, atafumbata kathumba ka zovala, wopanda n'komwe koti apite. Mayi ake adamukumbatira kwinaku akumukalipira. Panjira adauza mwamuna wake kuti akakapeza zinthu zili momwemo, alongedza lero lomwe.

Atalowa adapeza mkuluyo ali chilili, buku lili chitsekere. Patebulo panali mipando isanu ija, ndi wachisanu ndi chimodzi: wake wa kuchipinda, wa khushoni, womwe sankalola munthu kuukhudza.

Mtengwa sadathokoze. Adakoka mpandowo, n'kukhazikapo mwana wake, n'kuyang'ana apongozi m'maso.

"Werenganinso, bambo."

Mkuluyo adayamba kuloza ndi chala, ndipo adayambira pa mtsikanayo.