Makoswe Alowe, Anthu Adikire

Sedinam adatuluka m'chipatala china chachikulu cha ku Accra wani koloko itadutsa, maminibasi onse atakagona. Makina a maginito ounika m'thupi pamenepo ndi amodzi okha. Masana amaunika odwala, usiku amabwerekedwa ndi a kafukufuku. Ntchito ya mtsikanayu idali kugoneka makoswe ndi mankhwala, kuwalowetsa mmodzimmodzi, n'kuyeza zotupa za m'chikhodzodzo mwawo. Usiku umenewu zotupa zonse zidali zitakula. Zaka zitatu zoyesa mankhwala atsopano zidangopita pachabe.

Chidamuwawa kwambiri n'chakuti bambo ake omubala, msodzi wa ku Volta, adali atatha miyezi isanu akukodza magazi. Nawonso ankadikira makina omwewo, koma pamndandanda wa odwala adali kutali. Mwana wawo ankangowanamiza kuti mankhwala ali pafupi.

Atafika pa mpanda wa manda, magetsi a mumsewu adathima. Adapisa m'thumba kuti aunike ndi foni. Kalanga ine! Foni, makiyi ndi kamtanda ka m'khosi, zonse adaziiwala m'mbale ya pakhomo, poti m'chipinda cha makina aja simulowa chitsulo.

Adawonjezera liwiro. Kumbuyo kudamveka mapazi okwakwaza. Adaima. Nawonso adaima. Kenaka fungo la mkodzo lidamupeza...

"Sista, ndinu a makoswe aja?"

Adali mkulu wowonda ngati mzimbe wotafunidwa, dzanja limodzi litagwira buluku m'chiuno, linalo litagwira kakhadi.

"Papa, mukutani kuno usiku uno?" adafunsa Sedinam.

"Lamba ndavula. Ndalama zachitsulo ndataya. Dzino lachitsulo lija ndidazula ndekha, onani." Adayasama. Sedinam sadayang'anemo. "Mundiike pakati pa makoswe anuwo, mwanangu. Sinditenga malo."

"Papa, pali mndandanda. Ine ndilibe mphamvu..."

"Paja mumati munthu asagwedezeke, agwire mpweya? Ine sindigwedezeka. Mpweyanso ndimatha kugwira nthawi yaitali." Adasendera pafupi. "Tamverani."

Sedinam adamvetsera. Zii. Chifuwa chija sichinkakwera kapena kutsika!

Zala zozizira zidamufumbatitsa khadi lija. Adakuwa. Adathawa. Nsapato imodzi idatsalira m'ngalande, ndani akadaibwerera?

Adathamangira kuchipatala kuja, nakagwera pa tebulo la Anti Dzigbordi, namwino wa usiku amene adakalambira pa chipatalacho.

"Iwe, wakumana ndi amuna a eni kapena? Khala pansi usandigwetsere tiyi," adatero mayiwo akuseka. Koma ataona khadi, kuseka kudathera pakhosi. Adavala magalasi, nawerenga kawiri.

"Efo Kudzordzi. Wolemba khadili ndine, dzanja ili ndi langa. Walitenga kuti?"

"Andipatsa okha, pa mpanda wa manda."

"Mwana iwe, munthu ameneyu tidamuika zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Chotupa cha m'chikhodzodzo. Ankabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa ngati wina wafa kuti alowe m'malo mwake. Tsiku lake lidafika atagona kale kumeneko milungu iwiri. Ndidaitana dzina lake katatu pa benchi apo, chitsiru ine."

Kuseri kwa chitseko makoswe a Sedinam ankadzuka ku tulo ta mankhwala, akukwatula mapepala m'zikwere zawo.

Anti Dzigbordi adavula magalasi, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Paja bambo ako tidawalembera kuti adzaunikidwe liti?"

"Epulo."

"Uno ndi Novembala," adatero mayiwo chapansipansi, naika khadi lija m'dirowa momwe mudali kale makhadi ena ambiri.